Dzanja Lamanzere ndi Galimoto ya Timakutu

Panali munthu wina woyendetsa galimoto, dzina lake Zakeyu Chidothi, amene ankanyadira dzanja lake lamanzere. Inu mukudziwa kuti kwathu kuno dzanja limeneli silipereka moni, silidyera, sililandira mphatso. Koma m'galimoto ndilo lolamula, chifukwa ndodo ya giya imakhala kumanzere. Chidothi ankakonda kunena kuti lamanja ndi la ulemu chabe, lamanzere ndilo linalera ana ake.

Ankagwira ntchito kwa bwana wina wamalonda ku Lilongwe. Bwanayo anali ndi nthenda imodzi, nthenda ya magalimoto aliwiro, aja ogona pansi a mipando iwiri, amene akalira agalu a dera lonse amayamba kuuwa. Kugula ankagula bwana, koma kuwayesa pamsewu inali ntchito ya Chidothi. Ndipo ntchitoyo ankaithadi, tisamunamizire. Phazi lamanzere pa kilachi, dzanja lamanzere pa ndodo, ziwirizi zinkamvana osafunsa mutu. Wokwera naye sankadziwa kuti giya yasintha nthawi yanji. Amakaniko kugalaja ankaika sipanala pansi kuti amvere mmene injini ikutsitsira mawu iye akamalowa pachipata.

Tsiku lina kunabwera galimoto yatsopano, yofiira, itanyamulidwa pa lole. Chidothi anatsegula chitseko, anakhala pampando, dzanja lamanzere n'kupita lokha pamalo pake. Linagwira mphepo. Ndodo panalibe. Anasuzumira kumapazi n'kupeza zopondera ziwiri zokha, cha moto ndi cha buleki. Kilachi kunalibe.

"Bwana, galimotoyi aibera zitsulo panjira kapena?" anafunsa.

Bwana anaseka mpaka kutsamira khoma. "Ayi madala, ndi mmene zikubwerera masiku ano. Tasuzumirani kuseri kwa chiwongoleroko."

Kuseriko kunali tizitsulo tiwiri topyapyala, kena kumanja, kena kumanzere, tongofikira ndi nsonga za zala. Amakaniko sanachedwe kutipatsa dzina, anati ndi timakutu.

"Mukakoka khutu lamanja, giya ikwera," anatero bwana. "Mukakoka lamanzere, itsika. Manja asachoke pachiwongolero. Koma musakoke onse awiri pamodzi, chifukwa imamasula giya n'kumangogubuduka ngati ngolo. Loweruka mupite nayo ku msewu wa ku esiteti uja, ndi wosalala ndipo sikudutsa anthu. Mukasewere nayo mpaka zala zizolowere."

"Ndamva, bwana."

Kumva anamvadi. Akanakhala mayeso a pakamwa, akanakhoza zonse. Koma kuyambira tsiku limenelo mumtima mwake munalowa mantha. Sanali mantha a liwiro, liwiro anakula nalo. Ankaopa galimoto imene sinkafuna dzanja lake. Ankaopanso maso a amakaniko, kuti adzamuona mkulu wa imvi akuphonya giya, n'kuyamba kunong'onezana kuti madala abwerera ku sukulu. Loweruka lija anati mutu ukumupweteka. Loweruka lotsatira kunali maliro, ndipo maliro sasowa kwa munthu amene akuwafuna. Kenako anatulukira kabatani kamene ukakadina galimoto imasintha yokha magiya. Anapuma. M'tauni ankayenda nayo choncho, kuchoka kugalaja kupita kunyumba kwa bwana, ndipo palibe anazindikira.

"Mwaizolowera, madala?" bwana ankafunsa.

"Kalekale, bwana."

Koma dzanja lija silinkadziwa kunama. Akamayandikira maloboti, linkalumpha pachiwongolero kukafuna ndodo, iye n'kunamizira kukanda bondo. Akatsika m'galimotomo malaya amakhala atanyowa kumsana, ngakhale m'mwezi wozizira.

Tsono Chidothi anali ndi mwana wamkazi mmodzi yekha, dzina lake Sigele. Ukwati wa Sigele unakonzedwa kuti ukachitikire kutchalitchi cha kwawo ku Golomoti, kumunsi kwa mapiri a Dedza. Bwana, pofuna kulemekeza wantchito wake wakale, anamuitana pamaso pa anthu.

"A Chidothi, mkwatibwi akafike pa yofiira ija. Muyendetse nokha, palibe wina ndingamupatse. Koma paja pa Khwekhwerere mutsike ndi timakutu, musadalire buleki yokha."

Azimayi analulutira. Amakaniko anaomba m'manja. Chidothi anathokoza ndi manja awiri. Apa ndiye panali ponena zoona. Mawu ake anali ochepa, akuti bwana, sindinaiphunzire. Anafika pakhosi, iye anawameza, namwetulira.

M'mawa wa tsiku la ukwati ananyamuka mochedwa, chifukwa okonza tsitsi anachita zawo zija. Abale anali atatsogola kale pa minibasi. Galimoto inali itamangidwa maliboni oyera, ndipo Sigele anakhala pampando wakumanzere, diresi itadzaza malo onse, maluwa ali pamiyendo. Msewu wopita ku Dedza sunavute. Mwanayo ankacheza, kuseka, kufunsa ngati velo yakhala bwino. Bambo ake ankangoyankha kuti eya, maso ali kumapiri amene ankayandikira.

Atakhotera msewu wa Khwekhwerere anapeza nkhungu, ndi kamvula kowaza kaja konyowetsa phula. Amene munatsikapo mukuudziwa msewu umenewu. Ukukhota uku, usanawongoke ukukhotanso uko, mtsetse osatha, ndipo pambali pali phompho limene sufuna kuliyang'ana kawiri. Galimoto yakale akanaiika giya yotsika kuti injini izigwira yokha, iye n'kumaimba nyimbo. Iyi inkangofuna kuthamanga. Anaponda buleki, anasiya, anapondanso, kenako sanasiyenso. Posakhalitsa m'galimoto munayamba kumveka fungo la chinthu chopserera.

"Ababa, chikununkha n'chiyani?"

"Akuotcha tchire kumunsiku, mama."

Tchire lake liti m'mvula? Koma Sigele anakhulupirira, chifukwa bambo ake pa galimoto sanalakwepo. Chidothi anamva buleki ikufewa pansi pa phazi, ikulowa mkati kuposa poyamba. Anayang'ana khutu lamanzere lija. Linali pompo, pafupi ndi zala zake. Analikhudza, n'kubweza chala msanga ngati wagwira mbaula. Nanga ikalumpha? Nanga matayala akatsetsereka? Chibwerere galimotoyo anali asanalikokepo ngakhale kamodzi, ndipo sankadziwa chimene limachita likakokedwa pamtsetse ponyowa.

Foni ya Sigele inalira. "Ababa, akuti abusa afika kale, anthu akungodikira ife."

Anapepuza phazi pang'ono kuti buleki ipume. Galimoto zoterezi zimabisa liwiro, mkati mumakhala bata pamene kunja mitengo ikuthawa. Atangotuluka pokhota pena anaona nthambi zaziwisi zitaikidwa pamsewu. Dalaivala aliyense amadziwa chimene nthambi zimanena, kuti kutsogolo kwafa galimoto. Ndipo inalidi pomwepo, lole ya matumba, itatseka mbali yawo yonse. Kumanzere, kumbali ya Sigele, kunali phompho. Mbali inayo ya msewu kunkakwera minibasi yodzaza anthu, pang'onopang'ono. Kupitirira apo kunali thanthwe la phiri.

Apa mutu sunafunsidwe. Phazi lamanzere linalumpha kukaponda kilachi, n'kumenya pansi popanda kanthu. Dzanja lamanzere linasiya chiwongolero kukafuna giya kumene inkakhala zaka zonse. Ndodo silinaipeze. Linapeza dzanja la Sigele. Mwanayo anali ataiona lole ija. Anaganiza kuti bambo ake akumugwira kuti asaope, ndipo analandira dzanjalo ndi manja awiri monga anamuphunzitsira kulandira chilichonse chochokera kwa akulu. Analigwiritsa.

"Ndisiye!" anakuwa Chidothi, munthu amene chibadwire mwanayo anali asanamukalipirepo.

Anatsomphola dzanja, nagwira chiwongolero ndi mphamvu zonse, zala zonse zitafinya chilichonse chimene zinapeza. Zinafinya timakutu tonse tiwiri pamodzi. Galimoto inamvera, pakuti zimenezo n'zimene inauzidwa. Inamasula giya. Injini inasiya kugwira matayala, phokoso lake linatsika, ndipo chimene chinatsala ndi kulira kwa matayala pa phula lonyowa ndi mawu a Sigele akuti ababa, ababa. Buleki inali pansi penipeni, ikugwira mwaulesi. Lole inkakula.

Chidothi anaona kuti njira zatsala zoipa zokhazokha. Akawongoka, alowa pansi pa lole ndi mwana. Akapita kumanzere, phompho liyamba kulandira mwana. Akalambalala lole, akumana ndi minibasi ndi anthu ake onse. Thanthwe lokha ndilo linali kumbali yake. Anakhotetsa kumanja mwamphamvu, anadutsa kutsogolo kwa minibasi ija, napereka chitseko chake kwa mwala.

Anthu a m'minibasi ndiwo anawatulutsa. Sigele anatuluka diresi itang'ambika, chipumi chikuchucha magazi pang'ono, koma akuyenda yekha. Bambo ake anavuta kuwatulutsa, chifukwa dzanja lamanja linali litapanikizika pakati pa chitseko ndi thanthwe. Kuchipatala madokotala anayesetsa, koma analidula pamwamba pa chigongono. Lamanzere lija silinakandike n'komwe.

Bwana anabwera kudzamuona. Za galimoto sanatchule. Anakhala pambali pa bedi, ndipo Chidothi anafunsa yekha.

"Bwana, ndikanatani paja?"

Bwana anakweza dzanja lake lamanzere, napinda zala kamodzi, pang'ono chabe, ngati woitana mwana.

"Basi, madala. Kumtunda kuja, nthambi musanazione n'komwe."

Chidothi anatembenukira kukhoma. Dzanja lofunika linali lomwelo limene ankalinyadira. Silinkafunika kupita kulikonse, linkangofunika kukhala pamene linali.

Ukwati unachitika mwezi wina, Sigele ali ndi kachipsera pachipumi kamene velo sinabise. Pakhomo la tchalitchi bambo a mkwatibwi anaima kulandira alendo, ndipo kwa aliyense ankatambasula dzanja lotsalalo n'kunena chapansipansi kuti, "Pepani, ndi lamanzere." Mpaka lero akakwera minibasi yotsika Khwekhwerere, dzanjalo limayamba kufufuza ndodo m'mphepo, ndipo iye amalikhalira kuti anthu asaone.

Tsono inu amene mukundimva, musachoke pano mukuti cholakwa chinali galimoto yatsopano, kapena kuti luso lakale n'lachabe. Luso lija linali lenileni, linalera ana. Koma galimoto inasintha, dzanja silinauzidwe. Chidothi anathawa mantha aang'ono pamalo osalala, mantha oti anthu amuseka, ndipo anakapeza aakulu pamtsetse ali ndi mwana pambali. Tsiku loopsa likafika, thupi lanu silidzachita zimene munamva, lidzachita zimene linazolowera. Aliyense wa inu akudziwa chimene chasintha m'manja mwake, kuntchito, m'banja, kapena mumpingo muno, chimene akuyankha kuti kalekale pamene sanachikhudzepo. Ndikukupemphani, lolani akusekeni panopa, msewu ukadali wosalala. Amene wakhala pampando wakumanzere kwanu akukhulupirira kuti mukudziwa, ndipo mukatambasula dzanja adzaligwira ndi manja awiri.