Thanki Yofiira ya Aphunzitsi

Aphunzitsi atapuma pa ntchito sanakhale pakhonde n'kumawerenga odutsa. Kachipinda ka kuseri kwa nyumba anakasandutsa malo osemera zitsulo, ndipo m'menemo anathera miyezi isanu akupanga kompresa, kamakina kopopa mpweya. Pisitoni, chitsulo chokankha mpweyacho, anaisema okha, yaing'ono ngati chala chachikulu, yosalala moti akaiponya mu silinda yake inkatsika pang'onopang'ono, ikuusa moyo. Aliyense woiona ankagwira pakamwa. Tisanamizane, manja a bamboyo anali odalitsika.

Chotsala chinali thanki yosungira mpweyawo, ndipo apa m'pamene munthu wodekha uja anapupuluma. Anatola botolo lachitsulo lozimitsira moto pa mulu wa zitsulo zotayidwa, n'kulipala kunja, n'kulipaka utoto wofiira mpaka kumadzionerapo nkhope.

Mlamu wawo, wowotcherera zitsulo, analinyamula n'kuligwedeza pafupi ndi khutu. M'kati munamveka tiphokoso ngati ta mchenga.

"Alamu, ili ladyeka," anatero. "Tiliyese kaye ndi madzi. Likang'ambika muli madzi limangodontha, koma muli mpweya limapha munthu."

"Inu dzimbiri mumaliona ndi pa supuni yatsopano yomwe," anaseka Aphunzitsi. "Loweruka anzanga akubwera kudzaona. Ndiwaonetse thanki yonyowa?"

"Mutu ndi wanu," anayankha mlamuyo, n'kumapita.

Lachisanu masana Aphunzitsi anayatsa mota. Kamakina kaja kanayamba kugunda bwinobwino, muvi wa geji yoyezera mpweya ukukwera. Anagwada pafupi, nkhope ili pa thanki, misozi ikulengeza m'maso. Mpweya, chinthu chosaoneka ndi chosagwirika, unali kulowa m'khola limene iwo anamanga! Chimwemwe chotere sichisungika mumtima mwa munthu mmodzi. Anadzuka n'kuthamangira kukhitchini kumene kunali mkazi wawo.

"Mayi, siyani kaye zimenezo, mudzaone!"

Mawuwo asanathe kunamveka phuu! Mawindo ananjenjemera, agalu a mumsewu monse anauwa.

Fumbi litatsika, awiriwo anasuzumira m'kachipinda muja. Tsinde la thanki linali litaboola malata n'kupita kosadziwika. Chitsulo china chinazika m'khoma, chitadutsa pamalo penipeni pamene mutu wa Aphunzitsi unali. Kompresa ya miyezi isanu inangotsala yopindikapindika. Bamboyo anatola kachidutswa ka thanki, ndipo kanafumbutuka m'zala zawo ngati tsamba louma.

"Mpweya womwewu?" ananong'ona, ali ndi mantha osakanikirana ndi ulemu. "Umene timapumawu?"

Mkazi wawo anawagwira dzanja, maso ali pa chitsulo cha m'khomacho. "Mukanachedwa kundiitana, bambo, bwenzi pano ndikuitana anthu ndine."

Zaka makumi atatu Aphunzitsi anaphunzitsa ana a eni mwambi uja, koma anaumva tsiku limenelo: chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere.