Mphuno ya kwa Kampanje

Bwana Kampanje, mwini nyumba zamalonda pamsika, atayamba kufuna ukhansala anakumbukira kuti m'dziko muno muli a Kampanje otchuka: jaji, dokotala ndi bishopu. Ubale nawo analibe, ngakhale wokumana pamaliro. Komabe anatulukira m'kasitolo ka Felesiya, wosindikiza makadi a ukwati.

"Undipangire chikwangwani, ine pakati, abale angawa m'mbali. Chikapanda kutha mawa, utuluke m'nyumba mwanga."

"Zithunzi zawo zili kuti, bwana?"

"Nanga kompyutayo unagulira chiyani?"

Felesiya anatsegula tizithunzi tobwera kale m'kompyuta, tomwe aliyense amangotola, nasankhamo nkhope zitatu zonenepa. Kutacha bwana anafika ndi gulu lake lomuombera m'manja. Felesiya anagwada.

"Bwana, ine anthu akuluakuluwa sindiwadziwa. Taonani, ndi omwewa?"

Kampanje anasisita mimba. "Ndi omwewa! Jajiyu ndi bambo anga aakulu, anandilera okha. Simukuiona mphuno yakwathuyi?"

Pamsonkhano chikwangwani chitangokwezedwa, mayi wina wogulitsa tomato anakuwa: "Jaji ameneyu si uja ali pakhoma la golosale, wotsatsa mankhwala a kutsegula m'mimba?"

"Ndipo bishopuyo ndi wa mankhwala a nsikidzi!" anatero wina.

Msika wonse unafa nalo phwete. Kampanje anathamangira kwa Felesiya, thukuta lili kamukamu.

"Wandichititsa manyazi, mfiti iwe!"

"Pepani bwana," anatero Felesiya, atagwadanso. "Paja ndinakufunsani pamaso pa anthu. Mphunoyo munaizindikira nokha."