A Makutu ndi Kanyali Kofiira

Pa galaja ya kampani ina ya mabasi panalibe amene sankawadziwa a Makutu. Dzina lawo lenileni linangotsala pa chiphaso cha ntchito. Ili anawapatsa ndi madalaivala, chifukwa basi ikamalowa pageti iwo ankangopendeketsa mutu n'kutchula matenda ake injini isanazime. Akafuna kutsimikiza ankatenga sikuludalaivala yaitali, nsonga pa injini, chogwirira pakhutu, n'kutsinzina. Anagwira ntchitoyo zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo ndiwo anali kapitawo wa amakaniko onse. Basi siinkatuluka popanda mawu awo.

Kenako kampani inagula mabasi atsopano khumi ndi awiri. Amenewa anali ndi kompyuta m'kati, ndipo matenda awo ankawanena pa kachipangizo kooneka ngati foni yaikulu, kolumikiza ndi chingwe pansi pa chiwongolero. Kunabwera mphunzitsi woti aphunzitse amakaniko onse kwa masabata awiri. Tsiku loyamba lomwe, pofuna kuwapatsa ulemu, anaitana a Makutu kutsogolo kuti akhale oyamba kukagwira. Zala zawo zinali zikuluzikulu, zouma ndi zitsulo. Anadina apa kunatseguka pena, anadinanso kachipangizo kanangoti zii, kuzima. Kumbuyo wina anaseka. Kuseka kwake kunali kwakung'ono, koma kunawalowa mpaka m'mafupa.

Tsiku lachiwiri sanapite. Anati ntchito yachuluka. Lachitatu anati msana. Masabata awiri anatha choncho, ndipo bwana wa galaja, poona kuti ndi a Makutu, sanafunse n'komwe.

Amene anazindikira ndi a Mawaya, mayi wokonza za magetsi m'mabasi, amene anagwira nawo ntchito zaka khumi. Iwo maphunzirowo anawamwa ngati madzi, mpaka ankapitiriza okha pa foni. Tsiku lina pa nthawi yopuma anawapeza a Makutu ali okha kuseri kwa matayala.

"Akapitawo, tizikhala awiri pompano masana, mphindi makumi awiri zokha. Palibe adziwe. Mwezi usanathe kachipangizo kaja mukhala mukukawerenga ngati kalata."

"Ine mundiphunzitse basi?" anatero a Makutu akupukuta manja. "Pamene inu munkaphunzira kuyenda ine ndinali nditatsitsa kale injini."

"Sindikutsutsa. Koma mabasiwa matenda ena samalira, akapitawo. Khutu silingawamve."

"Chitsulo ndi chitsulo, mayi. Pitani mukadye."

Kunyumba nako mkazi wawo anaona kabuku ka maphunziro kali pamwamba pa kabati, fumbi lili mbuu. Anati, "Abambo, kabukuka mukudikira kuti kadziwerenge kokha?" Iwo anangokweza wailesi.

Choncho anapeza njira yobisalira. Basi yatsopano ikabwera, ankaitana a Mawaya n'kunena kuti, "Tandiwerengerani apo, manja angawa ali ndi girisi." A Mawaya ankawerenga, iwo n'kumagwedeza mutu ngati zimene ankayembekeza zomwezo. Miyezi isanu inadutsa manja awo ali ndi girisi tsiku lililonse.

Lachinayi lina m'mawa a Mawaya anapempha kuti achedwe, apite kaye ndi mwana wawo kuchipatala. Cha m'ma seveni basi yatsopano inabwerera kuchokera kokwezera anthu, itadzaza kale. Woyendetsa anali mlamu wawo wa a Makutu, mchimwene wake wa mkazi wawo, munthu wanthabwala amene iwo omwe anamupezera ntchitoyo.

"Alamu, mkazi wanga watsopanoyu wayamba kunditsinzinira diso lofiira," anatero akuloza kanyali kamene kanayaka kutsogolo kwa chiwongolero. "Tamufunsani chimene ndamulakwira."

A Makutu anamvetsera injini. Inkalira bwino ngati mphaka wokhuta. Analowa pansi, anagwira mabuleki, anamvetsera ngati mpweya ukutuluka penapake. Zonse zinali m'malo. Koma kanyali kanali kakadali psuu. Okwera anayamba kusuzumira m'mawindo, ena akugogoda galasi. Bwana anatuluka mu ofesi akuyang'ana wotchi.

"Akapitawo, anthu makumi asanu ndi limodzi akudikira. Lumikizani kachipangizoko tione."

Panalibe pothawira. Analumikiza monga ankaonera a Mawaya akuchita, ndipo pagalasi panatuluka manambala ndi mizere itatu ya mawu ofiira. Anayang'ana. Zilembozo ankazidziwa, koma zimene zinkanena zinali mdima wokhawokha. Foni inali m'thumba la ovolosi, nambala ya a Mawaya ili momwemo. Dzanja linafika mpaka pathumba. Koma bwana anali ataima paphewa pawo, mlamu wawo pambali, ndipo amakaniko awiri anali atasiya ntchito n'kumayang'ana.

"Kakuti chiyani?" anafunsa bwana.

A Makutu anapukusa mutu. "Zachabechabe izi. Mabasiwa amangodandaula ngati ana."

Pansi pa galasi panali kabatani kamene ankaona a Mawaya akudina akamaliza kukonza. Anakadina. Mawu ofiira anafufutika, kanyali kanazima.

"Mwaona? Makutu ndi makutu!" anatero mlamu wawo akuseka, n'kuliza hutala. Basi inatuluka pageti.

Patapita ola limodzi ndi theka a Mawaya analowa pageti lomwelo akuthamanga, chikwama chili lendelende, foni m'manja. Kachipangizo kaja kankatumiza zonse ku foni yawo, ndipo anali atangoziona potuluka kwa dokotala.

"Wafufuta ndani? Basi ili kuti?"

"Yapita," anatero a Makutu. "Ndaiona ndekha, ilibe vuto."

"Munawerenga?"

A Mawaya anawaonetsa foni ija.

"Akapitawo, valavu yogawa mpweya ku mabuleki akumbuyo ikumakana ikatentha. Ikazizira imagwira bwinobwino, n'chifukwa chake simunamve kanthu. Basi imeneyo ikutsika phiri lero!"

A Makutu anatembenukira kupageti kumene basi inatulukira. Msewu umenewo ankaudziwa. Ukadutsa siteji yomaliza ya pamwamba, umatsetsereka mtunda wautali wokhotakhota, mbali ina khoma la miyala, mbali ina phompho.

Onse anathamangira mu ofesi. A Mawaya anatsegula kompyuta ya bwana, ndipo panaoneka mapu, kadontho kobiriwira kakukwawa pamzere. Bwana anaimbira dalaivala. Foni inangoitana, pakuti lamulo la kampani linali lakuti woyendetsa aziitsekera m'kabokosi. Anaimbira kondakitala, koma sankapezeka. A Mawaya analemba uthenga wopita pa galasi la m'basimo kuti IMANI POMWEPO, koma pambali pake panangozungulira kachizindikiro kosonyeza kuti sunafike. M'mapiri muja netiweki imabwera modukizadukiza.

"Ali pati?" anafunsa a Makutu.

"Atsala pang'ono kufika pa siteji ya pamwamba. Akaima pamenepo uthenga uwapeza," anayankha a Mawaya.

Kadontho kanafika pa sitejiyo. Sikanaime. Panalibe wotsika kapena wokwera.

Pambali pa kadonthoko panali nambala yosonyeza liwiro, ndipo a Mawaya ankaiwerenga mokweza chifukwa panalibe china choti achite. Makumi anayi. Makumi asanu. Inatsika pang'ono, bwana n'kupuma. Kenako inayamba kukwera osabwereranso. Makumi asanu ndi awiri. Makumi asanu ndi atatu, pamalo pamene basi yodzaza imayenera kuyenda ngati nkhono. A Makutu anagwira m'mphepete mwa tebulo. Kadontho kanakhota kamodzi, kanakhotanso, kenako nambala inagwera pa ziro.

Bwana anaimbanso, anaimbanso. Panadutsa mphindi khumi ndi zinayi foni ya muofesi isanalire. Anali kondakitala, akulira, kumbuyo kwake kukumveka anthu akukuwa. Anati mabuleki atakana, dalaivala anaikhulitsa basi kukhoma la miyala, mbali yake yomwe, mpaka inaima. Palibe anafa. Anthu khumi ndi mmodzi anavulala. Koma dalaivalayo anali atapanikizika ndi zitsulo kuyambira m'chiuno kutsika.

Kuchipatala a Makutu anapeza mkazi wawo ataima pakhonde, maso ali ofiira. Sanakuwe, sanawagwire malaya. Anangofunsa kuti, "Basiyo anaiona ndani m'mawa?" Iwo anayang'ana pansi, ndipo mkaziyo anatembenuka n'kulowa m'chipinda cha mchimwene wake. Madzulo a tsiku lomwelo madokotala anamudula dalaivala uja mwendo wakumanja pamwamba pa bondo.

Sabata yotsatira akuluakulu a kampani anakhala pansi kufufuza. Panalibe chovuta kupeza, chifukwa kachipangizo kanasunga zonse: nthawi imene chenjezo linatuluka, zimene linanena, ndiponso kuti linafufutidwa patangopita mphindi imodzi. Mkulu wina anafunsa kuti, "Munaona kuti ndi mabuleki, n'kufufuta dala?"

A Makutu anadzutsa mutu. Pamaso pawo panali bwana, a Mawaya ndi amakaniko onse, anthu omwe aja ankawaopa kuti angawaseke.

"Sindinaone," anatero. "Sinditha kukawerenga. Maphunziro aja ndinapitako tsiku limodzi lokha."

Nthawi imeneyi palibe anaseka. Ntchito inawathera tsiku lomwelo, ndipo ukapitawo anapatsa a Mawaya, amene analandira makiyi misozi ili m'maso. A Makutu anayenda m'magalaja ena atatu. Konse ankawalandira mwaulemu, chifukwa mbiri ya khutu lawo inali itafika kale, koma funso loyamba linali lomwelo: kodi makina oyezera mumawatha?

Panatenga mwezi kuti alimbe mtima kukaona mlamu wawo. Anamupeza pakhonde la nyumba yake, ndodo ziwiri zili pambali, mwendo wa buluku utapindidwa n'kumangidwa ndi pini. Munthu wanthabwala uja anali atawonda. A Makutu anakhala pansi, chipewa m'manja, n'kufotokoza zonse kuyambira tsiku lija anasekedwa. Mlamu wawo anamvetsera mpaka kumapeto.

"Alamu," anatero pang'onopang'ono, "ine ndikanadikira. Anthu aja akanatukwana ola limodzi n'kuiwala. Mukanangonena kuti sindikudziwa, tiyeni tiimbe foni. Mawu ochepa amenewo anakulemerani kuposa mwendo wanga?"

A Makutu anayang'ana pini ija pa mwendo wa buluku. Luso anali nalo, ndipo palibe anawalanda. Chinawagwetsa n'chakuti ntchito itasintha chiyankhulo, anasankha kubisala m'malo moti aoneke osadziwa kwa mwezi umodzi. Paja akulu anati mbewa yamanyazi inafera kuuna.