Zikhadabo za Mkamwini Woimba Gitala

Kunali munthu wina woimba gitala amene anachoka kwawo ku Kongo n'kudzakhala ku Lilongwe. Sindinena kuti anali katswiri woposa onse, koma pa ukwati umene iye akuimba, anthu ankaiwala kuti mpunga wachedwa. Anakwatira mkazi wa ku Dedza, anabereka naye ana awiri, woyamba dzina lake Lonjezo, ndipo ankawakonda ndithu. Nyimbo zake zambiri zinali zotamanda mkaziyo.

Munthuyu anali ndi zikhadabo zitalizitali kudzanja lamanja, zimene ankaimbira nsambo za gitala. Ankazisamala ngati mazira. Chitseko ankakankha ndi chigongono. Lalanje, mkazi wake ndiye ankamusendera.

Chaka china, mvula itagwa, apongozi ake aakazi anadwala miyendo, udzu n'kulowa m'munda. Banja lonse linapita kumudzi. Kumeneko mwambo ndi wodziwika: mkamwini amagwira khasu m'munda wa apongozi. Koma mkuluyu anakulira m'tauni, ndipo khasu anali asanaligwirepo chibadwire. Komanso sabata yotsatira anali ndi ukwati woti akaimbe.

Ndiye anapeza nzeru. M'mawa anthu ponyamula makasu, iye ananyamula gitala. Anakakhala pachulu n'kumaimba, mkazi wake, amene anali woyembekezera, akupalira m'munsimo. Anaimba kuti mkazi wake ndi duwa, kuti chifukwa cha iye angawoloke mtsinje wosefukira. Mawa lake anachitanso chimodzimodzi.

Atsibweni a mkaziyo anafika kumundako. Anamvetsera nyimbo mpaka kumapeto, n'kuwomba m'manja.

"Akamwini, nyimbo yakoma," anatero. "Koma udzuwu ndi wogontha, sukumva."

"Atsibweni, ine ntchito yanga ndi kulimbikitsa olima."

"Chabwino. Kawalimbikitseni a ku Lilongwe. Mwana wathuyu ndi ana ake atsala konkuno, tiziwalimira ife."

Woimba uja anayang'ana mkazi wake, poganiza kuti amuikira kumbuyo. Mkaziyo anawongola msana, napukuta thukuta ndi chitenje.

"Bambo a Lonjezo," anatero, "duwa lanu latopa."

Munthu uja anayang'ana zikhadabo zake nthawi yaitali. Kenako anapempha lezala. Ena amati podula analira. Zimenezo sinditsimikiza, koma maso okha anatsinzina ngati akubayidwa jakisoni.

Kupalira kwake kunali kochititsa manyazi. Mzere woyamba anadula udzu ndi chimanga chomwe. Nyemba zimene apongozi anabzala pakati pa chimanga anazizula zonse, n'kumadandaula kuti udzu wa ku Dedza umamera mwadongosolo ngati wochita kubzala. Pofika masana manja anali matuza okhaokha. Koma mkazi wake anali atakhala pamthunzi, ndipo atsibweni ankatsatira mkamwiniyo pambuyo akutola nyembazo, akuseka mpaka kukhosomola.

Apongozi atamva zimenezi pamphasa pomwe anagona, anangoti, "Musiyeni. Nyemba tibzala zina. Mkamwini ndiye tamupeza."

Ku ukwati kuja anakaimba ndi zala zomanga nsanza, ndipo kunena zoona anaimba moipa. Koma atatha kuimba anabwerera kunyumba komwe kunali mkazi wake ndi ana ake.

Abale ndi alongo, ambiri a ife tinakhala pachulu. Timaimbira Mulungu mokoma Lamulungu lililonse, a m'nyumba mwathu timawauza kuti timawakonda, koma aliyense ali ndi kanthu kake kamene safuna kuti kathyoke: wina ulemu wake, wina nthawi yake yopuma. Mulungu sakana nyimbo, pakuti mawuwo anatipatsa ndi iye yemwe. Koma mnzako akamawerama yekha m'munda iwe uli pamwamba, nyimbo yako yasanduka phokoso. Musanene kuti simudziwa kulima. Tsikani, gwirani khasu. Mukazula nyemba, Mulungu amadziwa kubzala zina.