Mbuzi Imene Inatsala ku Msonkhano

Panali mayi wina, Nasibeko, mphunzitsi wa pasukulu ya mkaka kuseri kwa msika. Mayiyu anali ndi nthano imodzi imene anapeka yekha, ya mbuzi imene inakwera minibasi. Mbuziyo ikafuna kutsika inkalira, kondakitala osamva, minibasi n'kumangopitirira. Pa siteji iliyonse ana ankakuwa pamodzi ndi mbuziyo kuti, "Mee! Nditsika pompano!" Ankaseka mpaka ena kugubuduzika pamkeka, mawa lake n'kupemphanso yomweyo.

Nasibeko anailemba papepala. Ankalakalaka itakhala buku la zithunzi loti ana akewo aligwire m'manja. Ndiye anamva kuti mumzinda muli msonkhano wa alembi, ndipo wosindikiza mabuku adzasankhako nthano imodzi yokha ya ana. Anamanga chitenje chake chatsopano n'kupita.

Kumeneko anakumana ndi anthu amene mayina awo ankangowawerenga pachikuto cha buku. Tsono mukudziwa mmene tinaleredwera ife. Wamkulu akakupatsa chinthu umalandira ndi manja awiri, ngakhale chikhale chipewa chosakukwana.

Woyamba kuwerenga nthanoyo anali bambo wa imvi, wolemba mabuku ambiri.

"Mayi, nkhani ndi yabwino ndithu," anatero. "Koma mbuziyi yalipira? Mukuphunzitsa ana kukwera ulere. Ikanipo mwana, mwana waulemu."

"Zikomo bambo, ndamva."

Nasibeko anafufuta mbuzi, n'kuikapo kamtsikana kaukhondo kolipira kasanakhale n'komwe.

Wachiwiri anali mayi wochokera kubungwe lina. "Asisi, masiku ano buku limayenda ndi uthenga. Kamtsikanako kasambe m'manja ndi sopo. Kadzalenso mtengo."

"Zikomo mayi, ndamva."

Basi, minibasi inaima panjira, anthu onse n'kumadikira kuti mwana adzale mtengo. Minibasi yake iti imeneyo, abale?

Wachitatu anali mkonzi wa zolemba. Iyeyu analoza mzere wa "Nditsika pompano" uja. "Mawu awa mwawabwereza kwambiri, akungotha pepala. Komanso mwana waulemu sakuwa m'galimoto."

Apa mtima wa Nasibeko unapweteka, chifukwa ankadziwa kuti pamzere umenewu ndi pamene ana ankalowera m'nthano. Cholembera chinaima m'mwamba. Koma anayang'ana mkonziyo, munthu wamkulu, wophunzira, ndipo anadziuza kuti mawu a akulu akoma akagonera. Anaudula mzerewo.

Musawaweruze atatuwa. Sanali anthu oipa ayi. Aliyense ananena zimene ankadziwa, ndipo palibe amene anamulanda cholembera.

Tsiku lomaliza wosindikiza mabuku uja anabweretsa ana a pasukulu ina yapafupi, n'kuwakhazika pansi kutsogolo. Iye anakakhala kumbuyo, maso ake ali pa ana. Nasibeko anawerenga bwino, mosaphonya liwu. Ana anakhala phee. Wina anayasamula, wina anayamba kutokosa nkhanambo pabondo. Atamaliza, mphunzitsi wawo anawauza kuti awombe m'manja, iwo n'kuwomba.

Nthano imene inasankhidwa inali ya munthu wina, ya chule wodwala chimfine. Pamene inkawerengedwa holo yonse inkayetsemula pamodzi ndi chuleyo. Alangizi atatu aja anamugwira chanza Nasibeko, aliyense akuti, "Mwayesetsa, mayi."

Atabwerera kusukulu, ana anamuthamangira pachipata. "Aphunzitsi, buku lili kuti?"

"Buku palibe, ana anga. Koma nthano yathu ija akatswiri aikonza. Khalani pansi mumve."

Anakhala pamkeka. Nasibeko anayamba kuwerenga. Minibasi ikamayandikira siteji, ana ankakoka mpweya, kukamwa kuli yasa, kudikira pokuwira. Pokuwira sipanafike. Kamtsikana kanasamba m'manja, kanadzala mtengo, kanatsika mwaulemu, nthano n'kutha.

Kenako mwana wina wamng'ono anakweza dzanja.

"Aphunzitsi, imeneyi yatha? Tsopano mutiuze ya mbuzi ija."

Nasibeko anayang'ana pepala lake, kutsogolo ndi kuseri. Mbuzi munalibe.

Tsono inu amene mwanyamula zolemba zanu kupita nazo kwa odziwa, pitani ndithu, mutu umodzi susenza denga. Malangizo landirani ndi manja awiri, ndiwo ulemu wathu. Koma kunena kuti "ndamva" sikufufuta. Cholembera chikaima m'mwamba, mtima ukukana, dzifunseni kuti pamzere umenewo ankakuwapo ndani. Amene mukuwalembera sanaitanidwe kumsonkhano. Ali pamkeka, akudikira mbuzi yawo.