Nkhope Yokwiririka mu Penti

M'chipinda chojambulira cha pasukulu ya zaluso munkanunkha penti ndi thukuta, poti chionetsero chomaliza chinali pakhomo. Ana a anthu olemera anali ndi zinsalu zojambulapo mulu. Akalakwitsa ankangoponya pakona. Mtsikana wina, amene anzake ankamutcha Kaburashi, anali ndi chimodzi chokha. Pachinsalucho anajambulapo bambo ake, osoka nsapato, amene ankamukhalira pampando uku akutsokomola mpaka nkhope yonse inatheka. Sipanapite nthawi, anawaika m'manda. Chithunzi china cha malemuwo kunyumba kunalibe.

Tsiku lina aphunzitsi anachidutsa chithunzicho ngati akudutsa khoma, n'kukaima pa cha mnyamata wobwera pagalimoto, chodzaza mitundu yolasa m'maso.

"Luso ndi limeneli," anatero.

Mtima wa Kaburashi unawira. Anatapa penti wofiira ndi wachikasu n'kumata pamalaya ndi pamasaya a bambo ake.

"Iwe, bambo akowo anali bwinobwino," anatero mnzake woyandikana naye. "Ukufuna aoneke ngati pepala la maswiti? Ndiponso penti wamafuta sauma lero lomwe."

"Samala zako. Nafenso osauka atiyamikireko."

Penti asanaume, aphunzitsi anatamanda chithunzi china cha mizere yokhotakhota, iye n'kudula nkhope ija ndi mizere. Kenako anatamanda chamdima, iye n'kuthira wakuda. Penti wamuwisi anakwera pa mnzake wamuwisi, mitundu n'kusakanikirana ngati matope a pamsewu. Pamwamba panachita makwinya, pansi pali phala.

Kutatsala tsiku limodzi kuti chionetsero chichitike, Kaburashi anaima patali n'kuyang'ana chinsalu chake. Bambo ake sanawaone. Anathira mankhwala osungunulira penti n'kuyamba kupala ndi mpeni kuti awafukule. Koma mankhwala sadziwa kuti uyu ndi penti wadzulo, uyu ndi wa malemu. Zonse zinayenderera pamodzi. Panatsala khutu limodzi ndi chala chogwira singano.

Pachionetsero mayi ake anabwera atavala diresi lawo losungira. Anazungulira holo yonse, kusuzumira chithunzi ndi chithunzi, kenako anamupeza mwana wawo ataima pafupi ndi chinsalu chotuwa.

"Nanga bambo ako wawapachika pati, mwanangu? Ndawasowa maso aja."

"Anali apa, amayi."

Mayiwo anayang'ana khutu lija nthawi yaitali, n'kusisita chala chija ndi chawo.

"Ndiye tawaika kachiwiri," anatero motsitsa mawu, n'kutuluka.

Aphunzitsi aja anadutsanso pomwepo, akuseka ndi alendo, osacheuka n'komwe. Kukondera kwawo n'konyansa, ndipo wina adzawauze pamaso. Koma burashi ndi mpeni zinali m'manja mwa Kaburashi, amene anasiya nthambi yomwe anagwira n'kumalumphira iliyonse yomwe yatamandidwa. Paja akulu anati ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada.