Chikwakwa cha a Kumbanyiwa

A Kumbanyiwa, mphunzitsi wamkulu watsopano, anafika ndi lamulo: aliyense wolankhula Chichewa pasukulu, ngakhale mphunzitsi, atchetche bwalo lonse la mpira. Woyamba kugwidwa anali Upile, mtsikana amene dzulo lake anagawira mnzake Yankho chigumu.

Upile akulandira chikwakwa pamaso pa sukulu yonse, Yankho anakweza dzanja. M'Chingerezi chaulemu anafunsa tanthauzo la "put up with".

A Kumbanyiwa anafotokoza m'Chingerezi. Yankho anapukusa mutu. A Kumbanyiwa anafotokozanso ndi manja omwe, thukuta lili kamukamu. Yankho anangoti maso tuzu.

"Kupirira, mbuli iwe! Kupirira!" anakuwa a Kumbanyiwa.

Upile anagwada, n'kuwapatsa chikwakwa chija ndi manja awiri. Lamulolo linafera pomwepo.

Poweruka, Yankho anamunong'oneza Upile: "Chigumu chija chinali chokoma."